Migolo Makumi Anayi ndi Iwiri

Mu ofesi ya maloya a Prewitt ndi Szabo, mumzinda wa Toledo,
mawindo satseguka.
Kumusiku mtsinje wa Maumee ukudutsa ngati wangongole,
osacheuka.
Andipatsa makatoni khumi ndi atatu ndi funso limodzi:
anaipitsa nthakayi ndani,
ndipo mwa oipitsawo, ndani akadali ndi thumba?

Kampani siifa ngati munthu.
Ilibe maliro. Imangofundula ngati njoka,
kusintha dzina, kukwatiwa ndi inzake ku Delaware,
n'kubadwanso yopanda tchimo.
Ntchito yanga n'kulondola zikopa zimene yasiya m'njira
mpaka nditapeza mutu umene ukupumabe.

Fakitale ya mabatire inatsekedwa ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi.
Mtovu sunamve kuti ntchito yatha.
Ukadali pashifiti, pansi pa udzu.

Lachitatu tinapita kukaona malowo.
Akatswiri anaboola pansi,
natulutsa dothi lalitali ngati nzimbe,
mfundo iliyonse ndi zaka zake:
phulusa, njerwa, dzimbiri, kenako kotuwa kuja.
Kuseri kwa mpanda wa waya
mayi Verlene Tubbs anaima m'jasi la malemu amuna awo.
"Zaka makumi atatu ndadyetsa ana tomato wa pano.
Lero mwabwera mutavala magolovesi?"
Ndinabisa manja m'thumba.

Womanga akufuna nyumba zosanja, masitolo, bwalo la ana.
Khonsolo ikufuna msonkho.
Boma likufuna manambala atsike.
A inshuwalansi akufuna kuti zonse zikhale zinachitika
chaka chimene iwo kunalibe.
Ine ndimaluka ziganizo zoti onsewa agonemo osapondana:
pano pasakumbidwe chitsime,
pano pasadzalidwe chodya,
dongo mapazi awiri, simenti pamwamba,
mpaka muyaya.
Mawu oti muyaya ndinawalemba ndikutafuna sangweji.

Katoni yachisanu ndi chinayi ndinaitsegula usiku,
chipale chofewa chikugwa popanda mboni.
Kabuku ka kapitawo, pepala lachikasu, chidindo cha bwana pakona.
Migolo makumi anayi ndi iwiri,
yakwiriridwa kuseri kwa shedi, Loweruka, ovataimu.
Pansi pake siginecha.
C wokhota ngati mbedza, D wotsamira kumanja.
Dzanja lomwe linkasaina malipoti anga a kusukulu.
Casimir Dudek. Bambo anga.

Loweruka limenelo sindilikumbukira.
Ndikukumbukira njinga yofiira pa Khirisimasi ya chaka chomwecho,
ndi supuni imene inkawathawa m'manja
masiku awo omaliza,
iwo n'kumaseka kuti ndi ukalamba chabe.

Pepala limodzi lokha.
Makina ong'amba mapepala ali pafupi ndi chitseko,
safunsa, satafuna mokweza.
Ndinakhala pansi nthawi yaitali, khofi n'kuzizira.
Koma chidindo chija ndicho chinkalumikiza mchira ndi mutu.
Ndinalijambula, n'kulipatsa nambala
monga ndimachitira ndi bambo a anthu ena.

M'mawa a Szabo anagogoda patebulo ndi cholembera.
"Wagwira ntchito. Alipira."
Dzinalo analiona. Sananene kanthu,
anangotseka chitseko pang'onopang'ono potuluka.

Alipiradi. Mathirakitala afika mu Epulo,
migolo ifukulidwa umodziumodzi, tiiwerenga.
M'ndime ya khumi ndi chinayi ndawamenyera nkhondo mayi Tubbs:
mabokosi a dothi lochokera kwina,
ana kuyezedwa magazi kwaulere,
lendi yosakwera kwa zaka khumi.
Ndinawauza kuti khumi si muyaya.
"Kuwerenga ndimadziwa," anatero,
n'kundipatsa botolo la tomato wa chaka chatha,
tsiku lake litalembedwa pachivindikiro.

Lili padesiki panga, pakati pa mafayilo,
lofiira ngati njinga ija.
Kudya sindingadye.
Kutaya ndiye sindingathe.